Alamu Anga ndi Nyumba ya Thirakitala

Alamu anga ndi kalipentala, ndipo ngati simukudziwa, akuuzani okha musanamalize kupereka moni. Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi akuchipatala. Ife tonse timawatchula kuti a Sizigwa, chifukwa kuyambira ali mnyamata, akamaliza kukhoma chinthu, kaya ndi denga, kaya shelefu, kaya khola la nkhuku, amachimenya ndi chikhatho n'kunena kuti, "Zanga sizigwa." Ndipo tisanamizane, sizinkagwa. Ine ndine wometa, ndipo mpando umene ndimametera anthu anakhoma ndi iwo ndisanamere ndevu. Pakhala anthu onenepa, oledzera, ana olimbana ndi lumo, ngakhale ineyo ndi mimba yangayi ndikafuna kuwodzera masana, koma mwendo wake sunagwederepo.

Ndi munthu wamfupi, wamapewa otambalala, wa pensulo kukhutu. Pensuloyo anali nayo ngakhale pa ukwati wawo, ndipo chithunzi chilipo. Kwathu anabwera koyamba kudzakonza chitseko cha kukhitchini, ntchito ya m'mawa umodzi, koma chitsekocho anachiyendera mwezi wathunthu, ati kudzaona ngati chikutsekeka bwino. Bambo athu anachita kuwafunsa kuti kodi chikuwavutacho ndi chitseko kapena amene amatsekula chitsekocho. Umu ndi mmene achemwali anga anakwatiwira.

Kuseri kwa nyumba yawo malo ndi otsetsereka ndipo mvula ikagwa pamachita chinyezi. Matabwa sagwirizana ndi chinyezi, choncho pomanga shedi yogwiriramo ntchito, alamu anaiimika pa nsanamira, n'kuika mitanda, n'kuyala matabwa pamwamba pake. Kunsi kwake kunatsala mpata woti munthu n'kukwawa, ndipo nkhuku zinkakonda kukabisalako dzuwa. Matabwa apansiwo anawapala okha ndi manja, limodzilimodzi, n'kuwalumikiza bwino moti utuchi unkasowa podutsira. Chaka chilichonse ankawapaka mafuta. Munthu sunkalowamo ndi nsapato, kaya ndiwe wogula, kaya ndiwe mbusa. Achemwali ankati m'nyumba mwawo simenti inang'aluka kalekale ndipo palibe amaiyang'ana, koma mkazi mnzawo wakuseriyo amadzozedwa mafuta chaka ndi chaka.

Zaka zinapita, ndipo zinthu zinatembenuka mwakachetechete. M'masitolo munadzaza mipando ndi makabati opangidwa kale, onyezimira, otsika mtengo, oti akanyowa kamodzi amafufuma ngati buledi. Alamu ankawatukwana makabatiwo tsiku lililonse, koma anthu ankawagulabe. Maso nawo anayamba kufuna magalasi, dzanja lamanja likumanjenjemera pang'ono akagwira msomali waung'ono. M'mawa uliwonse ankatsekulabe shedi, kunola zitsulo zawo, kusesa pansi posesedwa kale, kenako n'kukhala pakhomo kudikira. Nthawi yomweyo dimba la achemwali linkakula. Anayamba ndi mabedi ochepa a masamba, kenako anabwereka munda wa oyandikana nawo, kenako anaugula. Kabichi, anyezi, matimati. M'mamawa pageti pankadzaza azimayi a kumsika ndi madengu awo, ndipo aliyense wogogoda ankafunsa amayi, osati abambo.

Alamu sanali munthu wansanje. Akazi awo ankawanyadira moti ankatopetsa nazo anthu. Koma munthu akakhala pampando wometera amalankhula zimene sanganene kunyumba, mwina chifukwa womumetayo amaima kumbuyo. Tsiku lina ndikuwameta anandiuza kuti pakhomo paja atsala ngati mpando wothyoka mwendo, umene sautaya chifukwa choti unali wa agogo. Ndinawaseka, ndinati mpando wake ndi wodya kwambiri. Nawo anaseka. Koma mawuwo anandipweteka, ndipo ndinawameta tsiku limenelo mofatsa kuposa masiku onse.

Ndiye kunabwera thirakitala.

Achemwali anamva kuti famu ina ikutsekedwa ndipo ikugulitsa katundu. Anapitako kangapo osauza munthu, anaphunzitsidwa konko kuyendetsa, ndipo tsiku lina masana lole inaima pageti itanyamula kathirakitala kofiira, kakang'ono, kosuluka utoto pamphuno, kokhala ndi pulawo kumbuyo. Ine ndinasiya munthu nditamumeta mbali imodzi n'kuthamangira komweko, ndipo munthuyo anandithamangira pambuyo nsalu ili m'khosi. Msewu wonse unakhamukira pabwalopo. Achemwali anamanga mpango mwamphamvu, anakwera, anapotokola kiyi, ndipo injini italira azimayi a kumsika anakuwa ngati gulu lawo lagoletsa chigoli. Anazungulira bwalo, anaphonya chingwe choyanikira zovala ndi kachala, anazunguliranso, mano onse ali pamtunda. Munthu amene ndinkamudziwa ali chiweramire ndi khasu kuyambira ndili mwana, tsiku limenelo anali pamwamba, akutiyang'ana tonse pansi. Ndinasangalala moti ndinakumbatira wogulitsa nyama, munthu amene sitilankhulana bwino.

Alamu anaomba m'manja kuposa tonse. Koma ankaombera kumbuyo kwa gulu, ndipo anthu atayamba kufunsa achemwali za magiya ndi dizilo, iwo anaika manja m'thumba. Anayandikira mochedwa, anagogoda tayala ndi chala, n'kubwereranso.

Woyendetsa lole uja, akumwa madzi kuti azipita, anafunsa kuti thirakitalayo izigona pati. Anati isamagone panja, chifukwa mvula imaononga mawaya ndi mpando, dzimbiri silichedwa, komanso batire limamera miyendo usiku. Tonse tinayang'ana kumwamba. Nyengo ya mvula inali pakhomo, mitambo itayamba kale kusonkhana madzulo aliwonse. Achemwali anati agula tenti yaikulu yofunditsa. Apo ndi pamene alamu anatulutsa manja m'thumba.

"Igona m'shedi mwanga."

M'shedi moti mbusa amavula nsapato, mulowe matayala amatope? Achemwali anawayang'ana amuna awo ngati sanamve bwino, anawafunsa kuti nanga benchi yawo ndi zitsulo zipita kuti. Alamu anati pakhonde pali malo. Woyendetsa lole anasuzumira m'shedimo, anayamikira matabwawo, koma anachenjeza kuti kanthuka kangaoneke kakang'ono, kamalemera ngati anthu akuluakulu khumi ndi asanu, mwinanso kuposa. Alamu anangomwetulira, anati amva. Lole inapita.

Sabata imeneyo ndinaona alamu anga akale. Ankadzuka nkhuku zisanatsike, akuimba nyimbo zopanda mutu. Anatulutsa benchi, anasamutsira zitsulo pakhonde, anagumula khomo la shedi n'kulikuza, anakhoma zitseko ziwiri zatsopano, anapanga kamlatho ka matabwa kokwererapo kuchokera pabwalo. Anakhoma ngakhale kashelefu koikapo oyilo ndi kamsomali kopachikapo kiyi. Ndikapita madzulo kukawaona ndinkawapeza utuchi uli m'nsidze, akuyeza thirakitala ndi tepi kuchokera kumphuno mpaka kupulawo, ngati telala woyeza mkwatibwi. Anandikokera pambali n'kundinong'oneza, maso akuwala.

"Alamu, mayi agula thirakitala. Ine ndiipatsa nyumba. Mukuona? Aliyense ndi mbali yake."

Ndinaona. Ndinaona kuti nkhani sinali ya mvula kapena ya batire. Munthuyu anali atapeza chinthu chimodzi chimene akanatha kuika m'manja mwa akazi awo, ndipo chinthucho chinali matabwa aja.

Tsono alamu ali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito. Chinthu sachipereka kwa mwini wake asanachiyese ndi thupi. Mpando amaukhalira n'kudzigwedeza, bedi amalidumphira, shelefu amailendewera, denga amaliyenda pamwamba. Amati pepala limanama koma thupi silinama. Ndiye popeza woyendetsa lole anali atanena kulemera kwa thirakitala powerengera anthu, alamu anaona kuti nkhani ndi yosavuta. Loweruka anaitana anthu kuti adzaime m'shedi.

Woyamba kuitanidwa ndinali ine. Anati ine ndekha ndine anthu awiri, ndipo ndikadya kaye ndisanabwere ndikhala atatu. Anaitana wogulitsa nyama, telala wa pangodya, makaniko, azimayi a kumsika, azakhali athu awiri amene sakana kuitanidwa kulikonse, ndi ena amene anangomva phokoso n'kubwera okha. Pakhomo la shedi panaunjikana nsapato ngati pamsika wa kaunjika. Alamu anaima pakhomopo akulowetsa anthu mmodzimmodzi, akumuyang'ana aliyense kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati wogula mbuzi. Woonda ankamuuza kuti alowe ndi mnzake. Titakwana chiwerengero cha woyendetsa lole, anati tiwonjezere, kuti pasadzakhale wonena. Tinadzaza shedi yonse mpaka m'makona.

Anatiuza kuti tiime duu. Tinaima. Iwo anatsika, anakwawira kunsi, tikuwamva akugogoda mitanda ndi hamala. Anatuluka, anati tsopano tidumphe. Tinadumpha, azakhali akugwirana m'mapewa, akuseka mpaka misozi. Wina anabweretsa wailesi, ndipo kuyesa matabwa kunasanduka dansi. Wogulitsa nyama anavina thukuta kamukamu, telala anaonetsa masitepe amene sitinkadziwa kuti ali nawo, achemwali anavula mpango n'kumaukupiza m'mwamba. Ine ndinalumpha ndi mtima wonse, dala, pakatikati penipeni. Matabwa sanalire n'komwe. Alamu anatulukanso kunsi kuja ndi ukonde wa kangaude kumutu, anakwera, anamenya pansi ndi chikhatho, ndipo sanafunikire kunena mawu awo aja. Tinawanenera tonse pamodzi, mokuwa.

Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Tinatuluka, tinaima mbali ziwiri za kamlatho ngati operekeza mkwati. Achemwali anakwera thirakitala, analiza injini, anayamba kukwera pang'onopang'ono, alamu ali kutsogolo akuyenda chambuyo, akuwakodola ndi manja onse awiri. Matayala aang'ono akutsogolo analowa bwinobwino. Akuluakulu akumbuyo anakwera kamlatho, anaponda matabwa onyezimira aja n'kusiyapo zidindo zamatope, alamu osadandaula n'komwe. Thirakitala inafika pakati. Anthu anayamba kuomba m'manja.

Kenako kunamveka phokoso ngati munthu akuthyola nzimbe pabondo. Linamvekanso kachiwiri, mokulirapo. Tayala lakumbuyo la kumanzere linamira m'matabwa mpaka theka, thirakitala inapendekeka, pulawo inamenya pansi. Achemwali anakakamira chiwongolero, anazimitsa injini. Nkhuku zinatuluka kunsi kuja zikulira.

Alamu anathamangira kwa akazi awo, anawatsitsira mbali yokwera, anawagwiragwira mikono ndi mapewa, akufunsa ngati avulala. Achemwali anati ali bwino, kungoti mtima ukugunda. Atatsimikiza zimenezo ndi pamene alamu anatembenuka n'kuyang'ana dzenjelo. Matabwa atatu anali atathyoka, mano ake ali m'mwamba, ndipo mtanda umodzi kunsi unali utang'aluka. Anaima pamenepo manja ali lende. Wogulitsa nyama anayamba kuseka, azakhali anamuponda phazi, analeka.

Telala ndiye anayamba nzeru. Anati nsalu ungaikanikize ndi chikhatho mwamphamvu bwanji siibooka, koma singano imalowa mosavuta. Ife tinali ndi mapazi ambirimbiri, omwazikana shedi yonse, aliyense akupondereza thabwa lakelake. Thirakitala ili ndi mapazi anayi okha, ndipo kulemera kwake kwambiri, pamodzi ndi pulawo, kumatsikira pa awiri akumbuyo. Zinali zoona, ndipo aliyense anagwedeza mutu. Ine zinandikwiyitsa. Nzeru zimenezo zinali kuti pamene mwini wake ankathyola masitepe pakati pa shedi? Anthu anatola nsapato zawo mwakachetechete n'kumabalalika, ena atavala za anzawo.

M'mawa mwake makaniko anabwera ndi majeke ndi tcheni. Anakwawira kunsi, anatuluka akupukusa mutu. Tayala linali litapanikizika pakati pa matabwa othyokawo, ndipo kulikoka chomwecho kukanang'amba tayalalo n'kudula kapaipi ka mafuta kamene kanali pafupi. Panafunika kudula matabwa ozungulira dzenjelo, malo aakulu ndithu, kuti jeke ipeze poima. Makaniko anati ali ndi macheka m'galimoto. Alamu anati ayi. Anapita pakhonde, anatenga sowo yawo, anagwada pansi pamene anakhala akupaka mafuta zaka zonsezi, analemba mzere ndi pensulo, n'kuyamba kucheka. Ngakhale pamenepo mzerewo unali wowongoka. Ine ndinkalandira matabwawo n'kumakawaika panja. Madzi ankatsika m'masaya mwa alamu, ndipo nditawapatsa kansalu anati ndi utuchi walowa m'maso.

Thirakitala inatuluka yamoyo, itangokalika utoto pang'ono. Achemwali anakagula tenti ija. Mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo, ndipo alamu anaiona ali pawindo, madzi akuyenderera pa tenti n'kumadontha pamatayala. Ana a mumsewu, amene sachedwa kumva nkhani, anayamba kukuwa kuti "Zagwa!" akamadutsa pageti. Achemwali anawathamangitsa ndi tsache, kenako anauza amuna awo kuti asadandaule, adzaitana womanga adzathire simenti pabwalo n'kuikapo denga. Ankafuna kuwatonthoza, koma mawuwo analasa pachilonda. Alamu anangoti chabwino. Shedi sanaitsekulenso m'mawa. Tsitsi linakula osabwera kudzameta, ndipo nditapita kukawaona ndinawapeza atakhala pakhonde, khutu lili lopanda pensulo. Ndinachita mantha, chifukwa munthu ameneyu ndinali ndisanamuonepo chomwecho ngakhale pamaliro.

Chimene chinawadzutsa ndi matope. Tsiku lina achemwali atapita ndi thirakitala kumunda, alamu anatuluka n'kuona mmene matayala anadindira pabwalo ponyowa: tinjira tiwiri tozama, pakati pake udzu uli chiimire osakhudzidwa. Akuti anaima pamenepo nthawi yaitali, kenako anakatenga tepi. Madzulo anatulukira kometera kwanga akupuma mwaphuma, osati kudzameta, koma kudzandiuza kuti thirakitala siyenda pa shedi yonse, imayenda pa njira ziwiri, ndipo iwo aimangira njira ziwirizo. Analankhula mofulumira moti malovu ankagwera pagalasi langa. Anati mawa nditseke msanga.

Tinagwira ntchito ngati anthu olipidwa. Kunsi kwa shedi, motsatira tinjira tiwiri tija, anakumba mpaka kupeza dothi lolimba, anayala miyala yafulati, anaimikapo nsanamira zazifupi zonenepa, moyandikana. Pamwamba pake anagoneka mitanda iwiriiwiri yomangidwa ndi mabawuti. Dzenje lija analitseka ndi matabwa atsopano, ndipo pamwamba pa zonse anayala matabwa ochindikala m'litali, kuyambira pakhomo mpaka kukhoma, kuti tayala lisadzatsamirenso thabwa limodzi lokha. Anaikanso lata pakati lolandira oyilo wodontha. Ntchito yanga inali kunyamula ndi kupatsira. Kamodzi anandituma kukwawira kunsi ndi bawuti, mimba inakanirira pamtanda, ndipo anachita kundikoka miyendo akuseka mpaka kukhosomola. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka chichitikireni ngozi ija, choncho ndinawakhululukira. Dzanja lonjenjemera lija pa mitengo ikuluikulu silinkanjenjemera.

Pansi pa shedi sipanakongolenso ngati kale. Matabwa atsopano anali oyera, akale ofiirira, ndipo njira ziwirizo zinatukuka pamwamba ngati njanji. Koma ukapondapo unkamva ngati waponda mwala.

Tsiku loyesa sanaitane munthu. Tinalipo atatu: iwo, achemwali ndi ine. Kunali m'mawa, kumwamba kutada, mphepo ikununkhira mvula. Achemwali anavundukula tenti, anakwera, analiza injini n'kulunjika pa kamlatho. Alamu anandiuza kuti ndiime pakhomo ndizikodola achemwali, iwo akaonenso kunsi. Ndinaganiza kuti akagogoda mitanda komaliza n'kutuluka. Nditaona kuti akuchedwa ndinawerama n'kusuzumira. Anali atagona chagada pansi penipeni pa njira ya kumanzere, pamalo pomwe tayala linamira paja, manja atapinda pachifuwa.

Ndinawauza kuti atuluke, masewera amenewo ndi oipa. Anayankha ali chigonere kuti chinthu chimene sangachikhulupirire ndi chifuwa chawo sangakwezepo akazi awo. Ndinati nanga chikagwanso? Anayankha motsitsa mawu, moti ndinachita kutchera khutu chifukwa cha injini.

"Chikagwanso, chindipeze pompano, alamu. Ndikatuluke kukatani?"

Ndinaimirira n'kutambasula manja kutsogolo kwa thirakitala. Achemwali anaponda buleki, anandifunsa ndi mutu kuti chavuta n'chiyani, ndipo ine ndinaloza kunsi. Anandiyang'ana, anayang'ana shedi, anazimitsa injini. Anatsika mosafulumira, anazungulira kumbali, anagwada m'matope ndi chovala chawo choyera n'kulowetsa mutu kunsi kwa shedi.

"Bambo, mukutani uko?"

Alamu anayamba kufotokoza za mitanda ndi mabawuti, kuti palibe choopsa, kuti umu ndi mmene iwo amayesera ntchito yawo kuyambira kale, mayi angolowetsa basi. Achemwali anawasiya mpaka anamaliza. Ine mlongo wangayu ndimamudziwa, akakwiya kwenikweni sakweza mawu.

"Thirakitala iyi ndinaipeza ndi kabichi. Ikathyoka, ndidzalimanso kabichi. Inuyo ndikakulimani m'munda uti?"

Achemwali anapitiriza.

"Kodi ine ndinakwatiwa ndi matabwa? Zaka zonsezi mukuganiza kuti ndimakusungirani shedi? Tulukani. Mukapanda kutuluka, iwolere panja pomwepo, ine sindiikhudzanso."

Anatulutsa mutu, anakhala pansi m'matope momwemo, anaika kiyi pamwendo n'kupinda manja. Tinadikira. Dontho loyamba la mvula linagwera pamphuno ya thirakitala. Kenako tinamva kukwekwereza, ndipo kunatuluka mapazi, mawondo, mimba, potsiriza mutu wa imvi wodzaza fumbi. Alamu anakhala tsonga pafupi ndi akazi awo osawayang'ana kumaso. Achemwali anawasasa fumbi kumutu ndi kumsana, mwamphamvu kuposa mmene fumbilo linkafunira, akuwatchula kuti nkhalamba yopanda nzeru. Kenako anaimirira, anawagwira dzanja n'kuwakokera kuthirakitala. Anawalozera chitsulo chophimba tayala, pambali pa mpando, anati akhale pamenepo agwire zolimba. Ngati n'kugwa, agwere limodzi, ndipo agwe ali pamwamba.

Alamu anali asanakwerepo thirakitalayo chibwerereni. Anakwera movutikira, miyendo yawo yaifupi ili lende, dzanja limodzi litagwira kumbuyo kwa mpando. Injini inalira. Ine ndinayenda chambuyo ndikukodola. Matayala akutsogolo anaponda njira ziwiri zija, akumbuyo anatsatira, anafika pakati, anadutsa pamalo paja, anapitirira mpaka kukhoma. Thabwa ngakhale limodzi silinalire. Ndinafuna kukuwa, kudumpha, kuitana msewu wonse, koma nditawayang'ana awiriwo ndinapezeka ndikupukuta m'maso ndi mkono wa malaya, ine munthu wamkulu ndi mimba yanga.

Achemwali anazimitsa injini, koma palibe anatsika. Alamu anali atazolika, mapewa akugwedezeka, ndipo dzanja la akazi awo linali pamsana pawo. Ndinakankha zitseko pang'ono kuti mphepo isawalowere, ndinawasiya ali pomwepo, ndipo mvula itayamba kugunda malata mwamphamvu ndinali nditafika kale pamsewu.